Za Pakhomo Pathu: Kusamuka ndi Nsomba za m'Galasi

Mwezi uno tayamba taika pambali nkhani ya dimba imene tinalonjeza, pakuti talandira kalata yosayenera kuchedwa nayo. Watilembera ndi mnyamata wa Fomu 2 wa ku Blantyre. Akuti atate ake awasamutsa pantchito, ndipo banja lonse lipita ku Mzuzu mwezi wamaŵa. Iye ali ndi thanki yagalasi m'mene akuŵetamo nsomba 9 za mtundu wa mbuna, zimene wazisamala zaka 2, koma makolo ake amuuza kuti azisiye chifukwa sizingakafike zamoyo. Amalume ake, mwanthabwala, anena kuti bola kungozikazinga. Funso lake ndi lakuti: kodi nkutheka kuyenda nazo ulendo wotere osafa?

Nkutheka ndithu, mwana wathu. Komabe makolo ako sanalankhule zopanda pake, chifukwa nsomba zambiri zimaferadi pa maulendo otere. Chimene tifuna kuti iwe ndi iwo mumvetse ndi ichi, kuti chozipha kaŵirikaŵiri si kutalika kwa mseu kapena mabampu ake, koma zinthu zimene mwini wake amazichitira pofuna kuzikomera mtima.

Tikunena izi ndi manyazi pang'ono, popeza ife tomwe tinaphapo nsomba pa ulendo wonga womwewu. Zaka zapitazo, pamene tinkasamuka kuchoka ku Zomba kunka ku Lilongwe, mwana wathu wachisamba anali ndi nsomba 11. Madzulo oti maŵa ndi ulendo, amake anati, "Uzidyetse zikhute, mwanawe, ulendo sayenda ndi njala." Ife tinavomereza. Kutacha tinathira nsomba zonse mu ndowa imodzi ndi kudzaza madzi mpaka pakamwa, tikuti moyo wa nsomba ndi madzi, ndipo tinatseka chivundikiro zolimba kuti asakhavukire m'galimoto. Kenaka tinatsuka thanki, timiyala tapansi ndi siponji ya m'chosefera madzi, zonse ndi sopo pa mpopi mpaka zinati mbee, poganiza kuti m'nyumba yatsopano saloŵamo ndi ziŵiya zakuda. Titaima pa Dedza ndi kuvundukula ndowa ija, tinapeza nsomba 4 zitayandama, mimba zili m'mwamba. Zotsala 7 zinafika, koma pa masiku 10 otsatira zinayamba kufa imodziimodzi m'thanki yoyera bwino ija, kufikira zinatsala 2 zokha. Mwanayo anakana nsima masiku aŵiri. Ife tinanamizira mseu ndi madzi achilendo, mpaka mkulu wina wodziŵa za nsomba atatifunsa modekha zimene tinachita, napukusa mutu katatu. Safunsa anadya phula.

Tiyambe ndi chakudya. Mbuzi imasiya ndowe zake pansi m'khola, koma mpweya umene ikupuma ndi wina. Nsomba siili choncho: madzi amene ikupumamo ndi omwewo amene ali chimbudzi chake. Chakudya chikagayika, thupi lake limatulutsa poizoni wotchedwa amoniya, yemwe uja fungo lake limalasa m'mphuno mukaloŵa m'khola la nkhuku losasesa. Wambiri amatulukira m'ziŵalo zofiira zopumira zili m'mbali mwa mutu, zimene amayi amachotsa pokonza chambo. M'nyanja amoniyayu amangomwazika osadziŵika kumene wapita, koma m'madzi okwana lita imodzi alibe kopita, kotero amabwerera kudzapsereza ziŵalo zomwe zija zimene anatulukira. Nsomba yokhuta imatulutsa amoniya wochuluka, imafunanso mpweya wochuluka wogayira chakudyacho. Chifukwa chake lekani kuzidyetsa masiku 2 athunthu ulendo usanachitike. Musaope kuti zifa ndi njala. Nsomba yaikulu yathanzi ikhoza kukhala sabata yonse osadya, ndipo mbuna yaikazi imatha pafupifupi masabata 3 itasunga mazira m'kamwa, osalaŵa chakudya chenicheni. Chokhacho nchakuti mubise chitini cha chakudyacho, pakuti m'nyumba iliyonse muli mzime wamtima wofeŵa amene adzazipatsa mobisa.

Tsono nkhani ya ndowa yathu yodzaza. Apa ndi pamene nzeru za munthu wakumtunda zimasokera. Nsomba sipuma madzi enieniwo, koma mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzimo, ndipo mpweyawo ndi wochepa kwambiri. Lita imodzi ya madzi ofunda madigiri 25 imasunga okosijeni wokwana mamiligalamu 8 okha, pamene lita imodzi ya mpweya wamba umene tikupumawu ili ndi mamiligalamu oposa 250. Ndiye kuti malo amene tawadzaza ndi mpweya asunga chakupuma chochuluka kuposa ka 30 kuyerekeza ndi malo omwewo titawadzaza ndi madzi. Madzi akatentha amasunga wochepanso kuposa pamenepo, chonsecho nsomba ya m'madzi otentha ndiyo imapuma mofulumira. Ife podzaza ndowa mpaka pakamwa tinathamangitsa nkhokwe yonse ya mpweya, ndipo nsomba 11 zinamaliza kochepa kanali m'madzi m'maola oŵerengeka. Lamulo lake ndi ili: gawo limodzi madzi, magawo aŵiri mpweya. Madzi angokwana kumiza nsomba bwinobwino thumba litaima kapena litagona. Kugwedezeka kwa galimoto, kumene tinkakuopa, kumathandiza ndithu, chifukwa madzi akamakhavuka amameza mpweya uli pamwamba pake.

Zimenezi si nzeru zachilendo kwa ife kuno. Nyanja ya Malaŵi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo mbuna, zimene dzina lake linachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, zimaŵetedwa m'nyumba za anthu ku Germany, ku America ndi ku Japan. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Stuart Grant, amene anamwalira mu 2007, ankatumiza nsombazi kunja kuchokera ku Kambiri Point pafupi ndi Senga Bay. Ochita malonda otere amazisunga kaye masiku angapo, amazimana chakudya, amaziika m'matumba a pulasitiki okhala ndi madzi pang'ono, napopera okosijeni weniweni, ndi kutsekera matumbawo m'mabokosi osaloŵa kutentha kapena kuzizira. Mwa njira imeneyi kansomba ka m'miyala ya ku Likoma kamatha tsiku lathunthu kapena aŵiri m'galimoto ndi m'ndege, nikafika kamoyo. Ngati nsomba ikhoza kufika ku Frankfurt, siingalephere kufika ku Mzuzu.

Pezani matumba a pulasitiki okhuthala, oonekera m'kati, amene sanasungepo kanthu. Ogulitsa nsomba zamtunduwu amakhala nawo, ndipo ena ali ndi botolo la okosijeni, kotero ndi bwino kuwapempha akupopereni ngati ulendo upitirira maola 12. Majumbo opyapyala a kumsika asiyeni. Loŵetsani thumba limodzi m'linzake, ndipo mumange ngodya zake zapansi kuti zikhale zobulungira, chifukwa nsomba yamantha imakaloŵetsa mutu pangodya nkukanirira pomwepo. Thiranimo madzi a m'thanki momwemo. Potseka, tsegulani thumba kukamwa, mulifumbate msanga pamwamba kuti mukole mpweya, mulipotokole mpaka lifufume ngati mpira, mupinde nsongayo ndi kumanga ndi mphira wa legeni. Musauziremo ndi pakamwa ayi. Mpweya wochokera m'chifuŵa mwanu mwaugwiritsa kale ntchito, ndipo uli ndi mpweya woipa umene nsomba nayonso ikufuna kutaya.

Amene alibe matumba agwiritse ntchito ndowa yapulasitiki, koma ikhale yatsopano kapena yotungira madzi akumwa okha. Ndowa imene munachapiramo zovala, kapena chigubu chimene munali palafini, feteleza kapena mankhwala opopera mbewu, chimasunga poizoni ngakhale mutachitsuka kasanu. Madzi asapitirire theka, ndipo chivundikiro chikhale ndi timaboŵo. Pali timakina ta mabatire topopera mpweya m'madzi. Kamodzi kotere kamasandutsa ndowa kukhala malo oti nsomba zikhoza kugonamo usiku wonse, ndipo kadzakuthandizaninso kunyumba yatsopano magetsi akathima.

Funso la amene ayende ndi yani ndi lofunika kwa mbuna kuposa nsomba zina. Tinsomba tofatsa tating'ono monga ma guppy tikhoza kukhala 5 m'thumba limodzi. Mbuna zamphongo nzaukali, ndipo m'thanki zimapirirana kokha chifukwa yofooka ili ndi mwala wothaŵirako. M'thumba mulibe mwala. Choncho mbuna iliyonse yotalika ngati chala iyende yokha, m'madzi okwana lita imodzi ndi mpweya wa malita 2. Kwa mnyamata wathu ndiye kuti matumba 9, ndipo ubwino wina wake ngwakuti imodzi ikafa siiwononga madzi a zinzake. Amene akuŵeta nkholokolo akumbukire minga zake zolimba zija, zimene zimaboola pulasitiki ndi kukodwa m'kaukonde; imeneyo igwidwe ndi kapu ndipo iyende m'chidebe.

Matumba onse aimikidwe m'bokosi lija losungiramo zakumwa zozizira, koma lopanda ayezi. Likasoŵa, katoni yolimba yoyalidwa manyuzipepala ambiri pansi, m'mbali ndi pamwamba imagwira ntchito yomweyo. Mipata yotsala muitseke ndi nsalu kuti matumba asagubuduzike. Mdima wa m'bokosi umakhazika nsomba pansi, ndipo nsomba yodekha imapuma pang'ono.

Thanki yokha iyende yopanda kanthu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo thanki yaing'ono ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu imasunga malita 54, kulemera koposa thumba la chimanga. Magalasi ake analumikizidwa ndi guluu wopangidwira kukhala patebulo losagwedezeka. Mukainyamula ndi madzi ngakhale pang'ono, kapena ndi timiyala tili momwemo, msoko umatha kumasuka osaoneka, nudzayamba kudontha pakati pa usiku m'nyumba yatsopano. Ikulungeni m'bulangete, ikhale pa thabwa losalala, ndipo pasasanjikidwe kanthu pamwamba.

Tafika tsopano pa cholakwa chathu chachitatu, chimene chinapha nsomba 5 zija zitafika kale, ndipo tikhalitsapo chifukwa ndicho chosaoneka ndi maso. Kodi munadzifunsapo chifukwa chake nsomba zimakhala miyezi m'thanki yotseka osaphedwa ndi amoniya wake womwe? M'siponji ya chosefera, pa timiyala ndi pa miyala ikuluikulu mumakhala tizilombo tosaoneka, mabakiteriya, timene chakudya chake ndi amoniyayo. Gulu lina limamsandutsa mankhwala otchedwa nitrite, amenenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula okosijeni. Gulu lachiŵiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savulaza msanga ndipo timamchotsa posintha madzi. Utoto wofiirira woterera umene umamatirira pa siponji, umene mayi waukhondo aliyense akauona amafuna sopo, ndiwo mudzi wa tizilomboti. M'thanki yatsopano timatenga masabata 4 mpaka 6 kuti tichulukane mokwanira. Ife tinatipha tonse m'mphindi 10 pa mpopi, ndipo tinaika nsomba zotopa kale m'madzi ooneka oyera ngati galasi, m'mene poizoni ankakwera tsiku ndi tsiku popanda womchotsa.

Kunena zoona, wosamuka ndi thanki akusamutsa ziŵeto zamitundu iŵiri, nsomba ndi tizilomboti, ndipo tosaonekati tifunika chisamaliro chofanana. Tili ndi adani atatu: kuuma, kusoŵa mpweya, ndi klorini. Finyani siponji pang'ono chabe m'madzi a m'thanki kuti zinyalala zikuluzikulu zichoke, kenaka muiike m'thumba lakelake muli timadzi tochepa ndi mpweya wambiri, monga mwachitira nsomba. Musaisiye itamira m'chosefera chozima chodzaza madzi, pakuti mmenemo mpweya umatha ndipo zonse zimayamba kuola. Mukafika nkumva fungo la dzira lovunda, madzi amenewo asaloŵe m'thanki. Timiyala tiyende tonyoŵa mu ndowa yovundikira. Tikasungidwa chotere, tizilombo tambiri timapirira ulendo wa tsiku limodzi popanda vuto.

Tenganinso madzi akale okwana theka la thanki, m'zigubu zoyera za malita 20, ndipo muwatunge musanavundule pansi. Ena amaganiza kuti tizilombo tija tili m'madzimo. Ayi, tochuluka timamatirira pa zinthu. Phindu la madzi akale ndi lina: nsomba zinawazoloŵera, ndiponso mudzakhala ndi poziika usiku womwewo osadikira madzi a kumalo atsopano.

Za mseu. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 650, ndipo lole ya katundu imatha tsiku lonse. Amene anayendapo adziŵa kuti ulendowu uli ndi nyengo zingapo. Pa Zalewa, powoloka Shire, kumatentha. Ku Dedza, mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, mphepo imaloŵa m'mafupa. Ku Kasungu masana dzuŵa limaswa mtengo. Ndipo madzulo mumakwera ku Chikangawa m'nkhungu. Munthu amavula ndi kuvala juzi, koma nsomba thupi lake limangotsata madzi amene ilimo, ndipo lita imodzi imatentha ndi kuzizira msanga. Mbuna zimafuna madigiri 24 mpaka 27. Chifukwa chake bokosi la nsomba lisakwere pamwamba pa lole pamodzi ndi mipando, pansi pa lona wotenthedwa ndi dzuŵa. Likhale kumene kwakhala anthu, pansi pakati pa miyendo, kutali ndi zenera ndi kutali ndi chitsulo chotentha cha pamwamba pa injini. Mukaima kudya pa Ntcheu kapena pa Jenda, galimoto iime pamthunzi, apo ayi bokosi mutsike nalo, chifukwa m'galimoto yotseka yoima padzuŵa madzi aja amafika poipa nsima isanathe m'mbale. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ikani botolo la madzi ofunda, lokulungidwa m'nsalu, pangodya ya bokosi osakhudza matumba.

Ana adzafuna kusuzumira pa mtunda uliwonse. Kamodzi pakati pa ulendo nkokwana, kuti muone ngati pali thumba laphwa kapena nsomba yafa. Matumba amene ali bwino musawamasule. Chifukwa chake nchodabwitsa, ndipo nchofunika kuchimvetsa. M'thumba lotseka, mpweya woipa umene nsomba ikutulutsa umasungunuka m'madzi nuwasandutsa owaŵasa pang'ono, ndiye kuti muyeso wake wa pH umatsika. M'madzi otere amoniya wambiri amasanduka mtundu wosaluma kwenikweni, kotero poizoni mmodzi amamanga mnzake. Mukangotsegula, mpweya woipa uja umathaŵa, madzi amabwerera kumbali ya chidulo, ndipo amoniya yense amene waunjikana tsiku lonse amadzuka. Pa pH 8 gawo loluma la amoniya limachuluka pafupifupi ka 10 kuposa pa pH 7, ndipo madzi amene mbuna zimakonda, onga a m'nyanja yathu, ali kumbali ya 8 komweko. Tsono thumba likatsegulidwa pambuyo pa ulendo wautali, nsomba isachedwemo.

Mukafika, mtima udzafuna kuyamba ndi mabedi ndi mapoto. Ziloleni zimenezo zidikire ola limodzi, sizipuma. Sankhani malo osafika dzuŵa, pa tebulo lolimba losapendekeka, pafupi ndi magetsi. Ikani timiyala ndi miyala, thirani madzi akale aja pa mbale yoikidwa pansi kuti asavundule matope, bwezerani siponji ndi kuyatsa chosefera. Thanki yofika theka ndi yokwana usiku woyamba. Ku Mzuzu usiku wa m'chisanu umatsika pansi pa madigiri 10, choncho kachipangizo kotenthetsa madzi, kamene ku Blantyre ena amakanyalanyaza, kumeneko nkofunika zedi.

Madzi owonjezera asachokere pa mpopi kuloŵa m'thanki mwachindunji. Mabungwe opereka madzi m'mizinda amathiramo klorini kuti atiteteze ku kolera ndi matenda ena, ndipo amachita bwino. Koma mankhwala opha tizilombo toipa sasankha, amapha ndi tabwino tija, napserezanso ziŵalo zopumira za nsomba. Madzi othira WaterGuard ndi chimodzimodzi. Gulani timadontho tochotsa klorini kwa ogulitsa nsomba musananyamuke. Ngati mulibe, tungani madzi mu ndowa yosavundikira, akhale masiku 2 mukuwavundula nthaŵi ndi nthaŵi. A pa mjigo alibe klorini, koma amatuluka pansi ali ndi mpweya wochepa, motero nawonso agone usiku umodzi.

Yandamitsani matumba m'thanki ali chimangire kwa mphindi 20, kuti kutentha kwa m'kati ndi kwa kunja kufanane. Kenaka tsegulani limodzilimodzi, mutsanulire pa kaukonde pamwamba pa ndowa, nsomba iloŵe m'thanki, madzi a m'thumba atayidwe kunja. Yambani ndi zofooka, yaukali koposa ikhale yomaliza. Miyala musaiyale monga inalili kale, kuti pasakhale yodzitcha mwini malo. Zimitsani nyale, ndipo tsiku limenelo ndi lotsatira lake zisadye. Zidzaoneka zotuwa, zobisala, mitundu yake yokongola itazilala. Ndi mantha chabe, ndipo pakapita masiku angapo zidzaŵalanso. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Masabata 2 oyamba ndiwo mayeso enieni, pakuti ngakhale mutasamala chotani, tizilombo tina timafa panjira. Patsani theka la chakudya cha masiku onse, ndipo musinthe gawo limodzi mwa magawo 4 a madzi masiku atatu alionse. Mukaona nsomba zikupuma mwaŵefuŵefu pamwamba, kapena zitapinda zipsepse, sinthani theka tsiku lomwelo osayembekeza kuti imodzi iyambe yafa. Timadontho toyera ngati mchere pathupi ndi matenda amene amakonda kubuka nsomba zikazizidwa panjira. Mankhwala ake alipo, ndipo amagwira bwino akayambidwa msanga. Nsomba zatsopano musagule kufikira patatha mwezi.

Tsono mawu kwa amene aŵerenga zonsezi naona kuti sangathe, kapena amene akusamukira kunja kwa dziko, kumene nsomba yamoyo siidutsa pachipata popanda zikalata za boma za mbali zonse ziŵiri. Palibe manyazi kupatsa mnzanu kapena sukulu thanki yonse. Chimene tikukupemphani ndi mtima wonse nchakuti musakazitaye mumtsinje, m'damu kapena m'nyanja poganiza kuti mwazimasula. Uku ndi kukoma mtima kwinanso kowononga. M'zaka za m'ma 1960 wogulitsa nsomba wina anatayira pa chilumba cha Thumbi West, ku Cape Maclear, mtundu wa mbuna wotchedwa Cynotilapia afra wochokera kumpoto kwa nyanja. Unachulukana, nuyamba kuswana ndi mbuna za pomwepo, ndipo palibe angaubwezenso kwawo. Chilumbacho lero chili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsombazi, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Ku nyanja ya Victoria, nsomba yolusa ya Nile perch imene anthu anaikamo m'zaka za m'ma 1950 inachuluka m'zaka za m'ma 1980, ndipo akatswiri amaŵerengera kuti mitundu pafupifupi 200 ya nsomba za kumeneko inazimirira. Ngakhale zomera za m'thanki zisatayidwe kumadzi. Namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu anakopeka ndi duŵa lake.

Kwa atate ndi amayi a mnyamatayu tingoti: chimene mwana wanu akupempha ndi malo a katoni imodzi pa miyendo yake, malo a zigubu 2 pa lole, ndi ola limodzi mukafika. Ntchito yotsalayo ndi yake, ndipo msinkhu wake ngwokwana kuigwira yekha, kuyambira kufunafuna matumba sabata ino mpaka kusintha madzi ku Mzuzu. Walira mvula walira matope. Mumlole ayese kumanga thumba la madzi okha kangapo tsiku lisanafike, aligoneke usiku wonse pa nyuzipepala youma, aone ngati m'maŵa pali ponyoŵa.

M'kalata yako, mwana wathu, wanenanso kuti yaikazi imodzi yatupa kukhosi ndipo yaleka kudya. Imeneyo siikudwala, yafungatira mazira m'kamwa. Ŵerenga masiku kuchokera pamene unaiona chotero. Ngati masabata 3 akwana ulendo usanafike, idzakhala italavula ana, ndipo anawo ayende m'thumba laolao. Popeza ndi ang'ono, uwamane chakudya tsiku limodzi lokha. Ngati tsiku lifika idakali nawo m'kamwa, uigwire pomalizira, mofatsa, ndi kapu m'malo mwa kaukonde, osaitulutsa m'madzi. Ikhoza kulavula m'thumba chifukwa cha mantha, kenaka nkuwatolanso kapena kuwasiya. Ukapeza tiana tikusambira pofika, utiike m'kachidebe kapadera, chifukwa m'thanki zinzake zidzatidya. Pakatha masabata 2 ku Mzuzu utilemberenso, utiuze kuti mwa 9 zija zatsala zingati, ndi kuti ana ndi angati. Nkhani ya dimba tidzaipitiriza mwezi wamaŵa.